Batiki wanga akungogulidwa ndi alendo, ndingatani kuti alowe m'nyumba za Amalawi?

Nambewe_Senga

Moni nonse a pagulu pano. Ine ndine mayi wa ku Senga Bay kuno ku Salima, ndipo chimene chimandidyetsa ndi batiki, kujambula pa nsalu pogwiritsa ntchito phula ndi utoto. Ntchitoyi anandiphunzitsa ndi malume anga, amene ankayala zithunzi zawo pamodzi ndi anyamata a ziboliboli m'mbali mwa msewu wotsikira ku mahotela. Amene munafikako mukudziwa zimene timajambula: njovu pansi pa mlambe, mayi atasenza mtsuko mwana ali kumbuyo, msodzi ali m'bwato dzuwa likumira m'madzi. Kuno dzuwa limachita kutulukira kunyanja, kulowa limalowera ku mapiri a ku Dowa, koma palibe wogula anafunsapo zimenezo.

Vuto langa ndi lakuti katunduyu ali ndi kasitomala mmodzi yekha, mlendo wochokera kunja. Mmalawi amaima, amayamikira kuti "koma ndiye mumatha mayi", kenako uyo wapita. Sindimuimba mlandu ayi. Munthu amene amasenza ndowa m'mawa uliwonse angatayirenji ndalama pa chithunzi cha mnzake atasenza mtsuko? Ndiye mvula ikangoyamba alendo n'kuchepa, kunyumbanso ndiwo zimachepa. Mu 2020, matenda a Covid atatseka maulendo, tinakhalira milu ya zithunzi mpaka zina njenjete zinachita nazo phwando.

Maganizo anga tsopano ndi oti batiki achoke pakhoma. Ndikufuna kupanga zinthu zoti mphunzitsi wa pa Kamuzu Road, namwino, kapena mayi wa ku Lilongwe wobwera kudzapuma kunyanja Loweruka angathe kugula n'kumagwiritsa ntchito: zovekera mapilo a pasofa, nsalu za patebulo, makatani, zikwama za laputopu, komanso malaya ovala Lachisanu kuofesi.

Ndayesako kale, n'chifukwa chake ndabwera pano. Ndinapereka nsalu yanga imodzi yaikulu kwa telala kuti asokere shati bambo a kunyumba. Telalayo anadandaula kuti singano ikumata ndipo nsalu ndi youma gwa. Shati itatha, chitamba cha njovu chinali pathumba, mchira kumsana, miyendo inatsala pansi pa makina. Bambowo atavala anabwera madzulo vesiti ili ndi mawanga a buluu m'khwapa. Titachapa, kufiira konse kunasuluka.

Ndifotokoze mmene ndimapangira kuti mundiuze pamene pakufunika kusintha. Nsalu ndimagula yoyera yotchipa ya m'sitolo, amati ndi ya thonje ngakhale imaterera m'manja. Ndimasungunula makandulo m'kapoto pa mbaula ya makala, n'kumapaka ndi burashi, timizere ting'onoting'ono ndimalemba ndi kansungwi kosongola. Utoto ndi wa timapaketi uja wa pamsika. Ndimayamba ndi chikasu, kuphimba ndi phula pamene ndikufuna pakhale pachikasu, kuviika mu wofiira, kuphimbanso, kumalizira wakuda. Pomaliza ndimaika nsalu pakati pa manyuzipepala n'kusita mpaka phula litasiya kutuluka. Pa chithunzi chopachika zimenezi zimakwanira, poti palibe amachapa chithunzi.

China chimene chikundisowetsa tulo ndi mtengo. Nsalu ya mamita awiri imanditengera masiku, pamene chitenje cha kufakitale chili pamsika pa mtengo woti ine sindingagulire ngakhale utoto ndi makala. Alipo pano anadutsako njira imeneyi? Ndi maluwa otani amene Mmalawi angalole kuvala kapena kuyala pabalaza pake, ndipo ndichite bwanji kuti nsalu ifewe komanso isasuluke?

Telala_wa_pa_Linga

Anambewe, ine ndine telala kuno ku Nkhotakota, ndakalambira pa makina. Mnzanga wa ku Salimayo musamukwiyire, ananena zoona. Kusita pa nyuzipepala sikuchotsa phula lonse, lina limangothawira m'kati mwa ulusi. Singano ikatentha imalitola, diso lake limatsekeka, ulusi umangoduka, ndipo mano a makina aja okoka nsalu amadzaza zomata. Nsalu yovala imafunika kuiwiritsa. Tengani sefuliya yaikulu kapena dramu lodula pakati, madzi ambiri, sopo pang'ono, madziwo abwate nsalu ili momwemo inu mukuvundula ndi mtengo. Phula limayandama pamwamba. Musazule nsalu kudutsa m'mafutawo, ingatolenso. Ikanikizeni pansi ndi mwala wotsuka bwino, dikirani madzi azizire, phula liuma pamwamba moti mungolinyamula lonse ndi manja. Limenelo musataye, mudzalisungunulanso. Kungoti utoto wa timapaketi uja sungapirire kuwiritsa kotere. Za utoto akuthandizeni odziwa, ine panga ndi pa lumo.

Nsalu yoterera ija ndikuikayikira. Musanagule pemphani kachidutswa ka m'mphepete muyatse ndi machesi. Thonje lenileni limayaka msanga, fungo lake ndi la pepala lopsa, ndipo limasiya phulusa lofewa loti mukalipekesa limatha. Ya poliyesita imakwinyika kuthawa moto, imasungunuka n'kusiya kambulu kakuda kolimba. Yosakaniza imachita zonse ziwiri, ndipo utoto umangogwira mbali ya thonje yokha, n'chifukwa chake mtundu umatuluka wotuwa. Zimandiwawa kuti inu a ku Salima, kumene thonje limalimidwa, muzivutika kupeza nsalu ya thonje, koma ndi mmene zinthu zilili. Funani bafuta kapena poplini wa thonje lokhalokha, ndipo muyambe mwamuchapa ndi madzi otentha. Nsalu yatsopano imabwera ndi sitachi wa kufakitale amene amakaniza utoto kulowa.

Tsono za njovu yoduka ija. Shati timaidula m'zidutswa: kutsogolo kuwiri, kumsana, paphewa, manja awiri, kolala ndi thumba. Chithunzi chimodzi chachikulu sichingapulumuke pamenepo ngakhale telala akhale wa dzanja labwino bwanji. Bwerani ndi nsalu ikadali yoyera, telala ajambule zidutswazo ndi pensulo koma osadula, inu mukaike maluwa mukudziwa kuti apa ndi pachifuwa, apa ndi pamkono, ndipo musiye malo a msoko. Apo ayi pangani maluwa ang'onoang'ono obwerezabwereza, oti lumo likadutsa paliponse sipaoneka kuti pawonongeka kanthu.

Koma ndikanakhala inu sindikanayambira pa shati yonse. Amuna ambiri amene amabwera pakhonde panga pano, makamaka aphunzitsi ndi a m'maofesi, amaopa kuoneka ngati akukavina. Amafuna shati ya mtundu umodzi, yakuda, yabuluu kapena yoyera, koma kolala, mzere wa mabatani ndi kukamwa kwa thumba zikhale za maluwa. Mita imodzi ya batiki wanu ingakongoletse mashati angapo, ndipo pamenepo mtengo wanu sumubaya munthu. Kumbukiraninso kuti kuno ngakhale kwanu komweko Asilamu ndi ambiri. Makasitomala anga ambiri achisilamu safuna nsalu yokhala ndi zithunzi za anthu kapena nyama, makamaka chovala cholowa nacho mu mzikiti, koma mizere, masamba ndi madontho amazikonda kwabasi.

Chisale_Lifuwu

Mayi Nambewe, ine si wa nsalu. Ndine mlangizi wa ulimi wopuma pantchito, koma ndinakhalako ku Indonesia pa maphunziro a ulimi wa mpunga, pachilumba cha Java, komwe ndi kuchimake kwa batiki. Zithunzi zopachika ngati zanuzo ndinaziona makamaka m'malo ogulitsira alendo. Kwa eni ake batiki ndi chovala. Lachisanu a m'maofesi amavala batiki, ana asukulu ambiri ali ndi tsiku lovala yunifolomu ya batiki, kuukwati ndi batiki, mwana amaberekedwa pa nsalu ya batiki, maliro amafunditsidwa batiki. Bungwe la UNESCO linamuika pa mndandanda wa chikhalidwe chofunika pa dziko lonse mu 2009, ndipo chaka chilichonse pa 2 Okutobala amakhala ndi tsiku la batiki. Mashati aja Nelson Mandela ankakonda kuvala m'malo mwa suti, ambiri anali a batiki. Ndiye zimene mukuganizazi si zachilendo ayi, mukungomubwezera batiki kuntchito yake.

Ku Yogyakarta, mzinda wa pa Java pomwepo, anatitengera kumalo kumene amayi amalemba batiki pamanja. Amakhala pa timipando tatifupi kuzungulira kachiwaya ka phula, aliyense ali ndi kachipangizo kotchedwa canting: kakapu ka mkuwa ka mlomo wopyapyala, chogwirira chake cha nsungwi. Amatunga phula, amauzira kamlomoko kamodzi kuti katseguke, n'kumalemba timizere ndi timadontho, nsalu atayedzeka pachikhatho cha dzanja linalo. Akamaliza amatembenuza nsalu n'kutsatiranso mizere yomweyo kuseri. Nsalu yabwino imatenga miyezi kuilemba, ndipo ndi yodula moti munthu wamba savala tsiku lililonse. Chimene chinafikitsa batiki kwa aliyense ndi chidindo cha mkuwa chimene amati cap, chomwe chinafala m'zaka za m'ma 1800. Munthu amachiviika m'phula n'kumadinda mzere ndi mzere, ndipo ntchito ya miyezi ija imatha m'masiku ochepa. Funso lanu la mtengo anzathuwo analiyankha ndi chidindo. Burashi ndi kansungwi kanu musungire oda yapadera ya munthu wolipira bwino.

Pa nkhani ya maluwa, iwo amatenga chinthu chimodzi n'kuchipeputsa mpaka chikhale dizaini yobwereza. Kawung ndi timagulu ta tizozungulira tinayi tinayi, mega mendung wa ku Cirebon ndi mitambo yosanjikizana, parang ndi mizere yopendekeka. Batiki wa ku Yogyakarta ndi Solo amakhala wa bulauni, buluu ndi zoyera, pamene wa m'mizinda ya m'mphepete mwa nyanja monga Pekalongan ndi wowala mitundu, chifukwa anatengera zambiri kwa amalonda a ku China, Aluya ndi a ku Netherlands amene ankakocheza kumeneko. Nanga ife a m'mbali mwa nyanja tikusowa chiyani? Mamba a chambo, maso a ukonde, kalukidwe ka mono ndi ka lichero, nkhafi zopingasana, usipa woyanikidwa pathandala, ngala za mpunga wa kuno ku Lifuwu, maenje a bawo aja a mizere inayi, uliwonse maenje asanu ndi atatu. Zimenezi Mmalawi akaziona amazizindikira n'kumwetulira, koma sizimusandutsa mlendo m'dziko lake lomwe monga zimachitira njovu za pansi pa mlambe.

Musadandaulenso kuti mukubera luso la eni. Zitenje tikuvalazi ndi zidzukulu za batiki yemweyo. A ku Netherlands, amene ankalamulira Indonesia, anayesa kupanga batiki pa makina kuti azikagulitsa ku Java. Eni ake sanakhutire nazo, koma nsaluzo zinayenda malonda kumadzulo kwa Africa, kuyambira ku Gold Coast komwe lero ndi Ghana. Kampani ya Vlisco ya mu mzinda wa Helmond, imene inayamba mu 1846, ikupangabe mpaka lero. Ku Nkhotakota nako nsalu zinkabwera kale ndi amalonda a ku Zanzibar m'nthawi ya a Jumbe. Nsalu siikhala malo amodzi.

Chenjezo langa ndi limodzi. Mitundu ina ya parang inali yoletsedwa kwa anthu wamba, inali ya banja lachifumu lokha, ndipo kunyumba yachifumu ku Yogyakarta malamulo a kavalidwe akadalipo. Ifenso tili ndi zathu zosaseweretsa. Ndaonapo zovekera mapilo zojambulidwa zilombo za Gule Wamkulu. Chinthu chimene anthu amachiopa ndi kuchilemekeza kudambwe, wina n'kuchikhalira pasofa akumwa tiyi, ine sizinandikomere. Mukafuna kupita kumeneko yambani mwafunsa akuluakulu.

Nabanda_Geni

Achemwali, a Chisale akamba za kusukulu, ine ndikambe za m'thumba, poti ndimaoda zitenje ku Kariakoo ku Dar es Salaam n'kumagulitsa pa Salima ndi pa Nkhotakota. Musalimbane ndi chitenje cha kufakitale, mugwa nayo. Mayi wofuna nsalu yomanga m'chiuno popita kuchigayo sadzagula yanu, ndipo ali ndi chifukwa. Komanso dizaini yanu ikangotchuka wina adzaijambula pafoni, pakatha miyezi mudzaiona yabwera m'mabelo itasindikizidwa kunja. Mudzakadandaula kwa ndani?

Pamene fakitale singakupezeni ndi pa oda yaing'ono. Kusindikiza nsalu yanuyanu kufakitale, monga zija za mipingo ndi zipani, kumafuna oda yaikulu zedi. Koma banja limene likukonza chinkhoswe likungofuna nsalu zokwanira azakhali, alamu ndi ankhoswe, ndipo likufuna kuti lisafanane ndi a chinkhoswe cha sabata yatha. Kwaya yaing'ono, gulu la banki mkhonde, operekeza akwati, malo ogona alendo a ku Senga Bay komweko amene amafuna makatani, nsalu za patebulo ndi yunifolomu za operekera zakudya zikhale zofanana. Anu ndi amenewo. Ndipo kasitomala apereke theka la ndalama musanayatse mbaula. Anthu a zinkhoswe ndimawadziwa, tsiku likangodutsa foni sayankha.

Ku Tanzania amayi a batiki ndi ambiri, ndipo mkuwa alibe nawo ntchito. Amasema chidindo pa siponji yolimba ya matiresi ndi lezala, ena pa thabwa. Ndaimapo n'kumaonerera: nsalu aiyala pa tebulo, chiwaya cha phula chili pamoto pambali, amaviika siponji, kukutumula kamodzi kuti isadonthe, kudinda, kusuntha, kudinda. Musanamalize kucheza nsalu yadzaza. Utoto wawo ndi uja wosungunula ndi kositiki soda pamodzi ndi ufa wina woyera wonunkha amati haidrosi. Nsalu imatuluka m'beseni ili ndi mtundu wina, mukaiyanika pamphepo n'kumasintha inu mukuona. Ya buluu imatuluka yobiriwira mwachikasu, kenako n'kumada pang'onopang'ono. Utoto umenewo ukagwira wagwira, kuwiritsa kuja akunena a telala sikuuchotsa. Palinso wina wa madzi ozizira wothira soda ash ndi mchere, mitundu yake ndi yowala kwambiri. Yonseyi imafuna thonje.

Kositiki si wamasewera. Muzithira iye m'madzi, osati madzi pa iye. Amatenthetsa madzi yekha, ndiye dikirani madziwo azizireko musanaviike nsalu, mukapupuluma phula lisungunuka maluwa onse n'kufufutika. Valani magolovesi aatali, chitirani panja, ana atalikire.

Makandulo okhaokha amathetheka, utoto n'kulowa m'ming'alu. Azungu ming'aluyo amaikonda, koma Mmalawi akaiona amati nsalu yathimbirira, ndipo adzakuuzani kuti mutsitse mtengo. Sakanizani ndi phula la njuchi, limene ndi lofewa ndipo limamatirira bwino. Ofula uchi a m'mbali mwa nkhalango ya Thuma ndi ya Nkhotakota ambiri akafinya uchi zisa amangotaya, kambiranani nawo.

Zikwamazo musamale zipi. Chikwama chokongola cha zipi yofa pakatha sabata chimaononga dzina msanga kuposa utoto wosuluka.

Nangondo_wa_ku_Chia

Amayi, ndiwonjezereko njira ina yosafuna phula n'komwe. Kwathu kuno ufa wa kondowole sitigula. Ndimaphika phala lake lolimbirako, lopanda mibulu, kulisefa pa kansalu, likazizira n'kulithira m'botolo la pulasitiki loboola pachitsekero. Nsalu ndimaikhomera pa thabwa ndi timisomali, n'kumajambula pofinya botololo. Ndikaika padzuwa phala limauma n'kukoka nsalu mpaka kuchita makwinya. Ndikatero ndimapaka utoto wa nsalu ndi burashi m'mipata monse, kuyanikanso, kusita kuseri ndi simbi yotentha kuti utoto ukhazikike, kenako kuviika m'madzi kuti phala lifewe n'kulipala ndi supuni. Pamene panali phala pamatsala mzere woyera.

Si nzeru zanga. Ku Nigeria Ayoruba a ku Abeokuta ndi Ibadan akhala akupanga nsalu yotchedwa adire eleko ndi phala la chinangwa, kulipaka ndi nthenga ya nkhuku n'kuviika nsaluyo mu utoto wa buluu. Ku Zimbabwe amagwiritsa phala la chimanga, ndipo ku Mfuwe ku Zambia amapanga mapilo ndi nsalu za patebulo zotchuka ndi njira ya phala yomweyi.

Ubwino wake palibe utsi, palibe ngozi ya phula kuyaka, ndipo simuononga nkhuni powiritsa dramu. Kuipa kwake phala silipirira kukhala m'madzi nthawi yaitali, ndiye simungaviike kangapo monga mumachitira ndi phula. Utoto wopakawu umakhalanso mbali imodzi, kuseri kumakhala kotuwa, ndipo nsalu imalimbirako. Pa mapilo, zikwama ndi nsalu za patebulo ndi yabwino kwambiri. Pa diresi ayi, munthu angapse nayo m'mwezi wa Okutobala. Nyengo ya mvula phala limachedwa kuuma n'kuyamba kusasa, ndipo mbuzi zikamva fungo la chinangwa zimadya ndi nsalu yomwe. Yanikani pamwamba.

A Nabanda, funso langa kwa inu ndi limodzi: madzi a kositikiwo akathira kuti? Ife tili pafupi ndi Chia, anzathuwa ali pamchenga penipeni pamene ana amasamba ndi amayi kutsukira mbale. Ngati asankha njira yanuyo akumbe dzenje kutali ndi nyanja ndi chitsime, azithira momwemo.

Nabanda_Geni

Zoona mwanawe, dzenje likumbidwe. Koma kwaya yonse simungaiveke kondowole.

Nambewe_Senga

Zikomo nonse, mwandipatsa ntchito. A telala, ndinayatsa kachidutswa ka nsalu ija ndipo kanasungunuka n'kusiya kambulu monga munanenera. Ndapeza bafuta wa thonje ku Lilongwe, ndipo kusiyana kwake kukuoneka utoto ukangomukhudza. Utoto wa soda ash ndi umene ndayamba nawo, wa kositiki ndidikire kaye mpaka dzenje likumbidwe kuseri kwa nyumba.

Chidindo choyamba ndinasema pa siponji ndi cha usipa, tinsomba titatu toyang'ana mbali imodzi. Kwa amene mukufuna kuyesa, chinsinsi chili pa kutentha kwa phula. Likatentha bwino limalowa mpaka kuseri ndipo pamene mwadinda pamaoneka ponyowa, poonekera kuwala. Likazizira limakhala pamwamba loyera mbuu, utoto umadutsa pansi pake. Likayamba kufuka utsi lichotseni pamoto msanga, ndipo likayaka musathire madzi, vindikirani. Mwera wa masiku ano ukumaziziritsa siponji ndisanafike nayo pa nsalu, ndiye ndasamutsira tebulo kuseri kwa mpanda, mbaula ili pafupi ndi dzanja. Dzuwa la Okutobala likadzabwera vuto lidzakhala lina, nsalu ya phula siidzafunika kuyanika pamchenga masana.

Nsalu ya usipayo yagulidwa ndi namwino wina kuti ikhale ya patebulo, Mmalawi woyamba kundipatsa ndalama pa batiki osanenerera. Koma bambo a kunyumba akana kuvala usipa pakolala, akuti anzawo aziwafunsa kuti mulu ndi zingati. Iwowo ndawapangira za bawo. Maenje ake ndikudinda ndi kukamwa kwa kachitini ka tomato, kamene kamasunga kutentha bwino kuposa siponji ndipo mizere yake imatuluka yowongoka.

A Chisale, za Gule ndamva ndipo sindikhudza. Koma njovu zanga sindizitaya ayi, ndi zimene zikulipirira ana fizi mpaka zatsopanozi zitagwira msika. A telala, pa za kolala yokha mwanena za amuna. Atsikana amene aona nsalu zanga pa WhatsApp akufuna maluwa akuluakulu, wina akufuna mamba a chambo aakulu ngati chikhatho pa siketi yonse. Anangondo, kondowole ndiyesa pa zikwama, ufa ndaitanitsa kale kwa mlamu wanga wa ku Benga.

Kwatsala ziwiri: zovekera mapilo ndizidula zazikulu bwanji, ndipo makatani ndingatani kuti dzuwa la kuno lisawasulutse?

Telala_wa_pa_Linga

Mapilo ambiri a pasofa ndi masentimita 45 mbali zonse, ndiye dulani 48 kuti msoko upeze malo. Koma muyeze mutawiritsa kale, chifukwa bafuta amabwerera m'madzi otentha. Zipi isiyeni, kuseri pangani zidutswa ziwiri zopitirirana pilo azilowera pakati, palibe chimene chingafe pamenepo. Makatani muwaikire bafuta woyera mbali ya kuwindo kuti dzuwa lizimenya iyeyo, ndipo kasitomala muzimuuza kuti akachapa ayanike pamthunzi atatembenuza. Za atsikanazo sindikutsutsa, siketi ili ndi malo, kolala ilibe. Shati ya bawo ikatha tumizani chithunzi, ndikufuna ndione ngati maenje akumana bwino pa mzere wa mabatani.